Lenzi Imene Sinamire

1

Manda a mwamuna wanga woyamba ali ku Nkaya, koma m'mandamo mulibe munthu. Muli thunthu la nthochi lokulungidwa m'bulangete. Kwawoko ndi mmene amachitira munthu akamira thupi osapezeka: amadula nthochi, kuigoneka m'bokosi, kuiimbira nyimbo zonse za maliro n'kukwirira, ati kuti mzimu usamangoyendayenda kusowa pogona. Ine ndinaponya dothi pa nthochi imeneyo ndikulira mpaka mawu anatha.

Ndine Dalesi, ndimakhala pa Nselema, ndipo ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Maukwati, zinkhoswe, ana otuluka kuchinamwali ku ndagala, pena paliponse pomwe anthu atchena mundipezapo. Lusoli anandisiyira ndi Hudson, mwini manda aja. Tinakhala zaka zingapo popanda mwana, ndipo ndikayamba kudandaula iye ankangoseka, amvekere ana athu ndi zithunzi, tadzaza nawo Machinga yense.

Tsiku lomwe anapita anati akukajambula ukwati kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, ku Mozambiki. Anabereka chikwama cha kamera n'kunyamuka ndi mnzake wa ponda apa m'pondepo, Maziko, wageni ya nsomba zouma yemwe ankadziwa kupalasa bwato. Anabwerako Maziko yekha. Anati mphepo inawapeza pakatikati, bwato linatembenuzika, iye anagwira mabango, koma Hudson anapita pansi chikwama chili kumsana.

"Chikwama chija ndicho chinamulemera, mlamu," anatero akuyang'ana pansi.

Asodzi anafufuza mpaka anatopa. Ine mawu amenewo ndinawasunga, ndipo chikwamacho ndinkachitukwana ngati ndi munthu.

Akwawo kwa Hudson atandisudzula, Maziko sanasiye kudutsa pakhomo. Lero wabwera ndi timatemba, mawa wakonza chitseko, mkuja wangokhala pakhonde. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa chipsera pachibwano. Pomwe ankatulutsa mawu a banja, anthu anali atatikwatitsa kale ndi pakamwa. Tinalowana, amiseche anaitafuna nkhaniyo mpaka inatha madzi. Kenako ine, amene ena ankanditcha chumba, ndinapezeka ndili ndi pakati. Zomwe ndikuuzenizi zinachitika mimbayo itayamba kuoneka.

2

Zonse zinayamba ndi fumbi.

Kamera yomwe ndinagula Hudson atapita ndi ya mtundu womwewo wa yake, zopepuka zija zopanda kagalasi kotchinga mkati. Ubwino wake sithyola khosi. Kuipa kwake, ukangochotsa lenzi, mtima wa kamera umakhala pambalambanda, chilichonse chouluka chimakakhala pomwepo. Tsono ine ndinali ndi timalenzi tiwiri, kena kojambulira gulu, kena ka nkhope. Mkwatibwi akutuluka, ine ndili kalikiliki kusintha. Pomwe ndikuti ndamanga, amayi alulutira kale, wokwatitsa wapinda buku. Ndiye fumbi la kwathu kuno nthawi ya chilimwe, amene munakwerapo kabaza wa njinga yamoto mukulidziwa.

Ukwati wina ku Ntaja zithunzi zonse zinatuluka ndi kadontho kakuda pamalo amodzimodzi, ndipo mwatsoka pa zambiri kanagwera pamphumi penipeni pa mkwatibwi. Mayi ake anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndinachita kutumidwa. Ndinabwerako makutu akutentha, n'kulumbira kuti basi, ndikufuna lenzi imodzi yochita zonse. Yoti ukaipotokolera uku itenge gulu lonse ndi mtengo wa mango womwe, ukaipotokolera uko ikoke nkhope ya munthu amene ali kutsidya kwa bwalo la mpira. Kukwera nayo kabaza, kupanikizana nayo m'minibasi, osaichotsanso.

Pagulu lathu la ojambula la pafoni anandizunguza mutu. Wina akuti malenzi otere m'nyumba ya mdima amafooka. Wina akuti ukakoka mpaka kumapeto chithunzi sichithwa. Wina, yemwe kamera yake ndi yobwereka, akuti katswiri weniweni sagwira zimenezo. Ndinawayankha kuti maukwati akwathu ndi a masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo chithunzi chosathwa pang'ono chiposa chithunzi chomwe sunajambule n'komwe. Pamapeto pake wina anandilozera ku Balaka kwa a Usumani, okonza mafoni, amene amagulanso zida za kamera kwa anyamata obwera ku Joni.

Maziko sindinamuuze. Sikuti ndinkabisa, iyayi. Anali kunyanja kokagula nsomba, komanso nkhani za kamera zikangoyamba iye ankapeza chifukwa chotulukira panja. Ine ndinkati ndi chisoni cha mnzake.

3

A Usumani ndi bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, kashopu kawo kali kuseri kwa msika. Anayala nsalu pakauntala n'kuikapo malenzi atatu mosamala ngati mazira.

Yoyamba inali yatsopano ndithu, yopepuka, koma yokoka pang'ono. Ndinaloza nayo chikwangwani cha kutsidya kwa msewu, zilembo zinakana kuwerengeka. Yachiwiri inkakoka mpaka kuwerenga nthenga za khwangwala ali padenga la sitolo, koma kulemera kwake, ndi mimba yangayo, ndinangoibwezera pansalu. Yachitatu inali yakale, itavekedwa kalamba ka mphira wodula ku chubu cha njinga. Ndinaimanga pa kamera n'kuima pakhomo. Inatenga msewu wonse, malole, ng'ombe, ana asukulu. Nditapotokola, inandibweretsera mayi wogulitsa zitumbuwa kutali uko, mpaka thukuta la pamphuno pake. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti dzanja langa silinachite kufufuza pogwira. Linangopita lokha.

Ndinati ndasankha imeneyi.

"Chilema chake ndikuuziretu, mayi," anatero a Usumani. "Ikaweramira pansi imatsetsereka yokha, n'chifukwa mwini wake anaiveka mphirayo. Komanso pamlomo apa inagwapo."

Ndinaitembenuza. Pamlomo pa lenziyo panali popindika pang'ono, ndipo popindikapo panali kadontho ka penti wofiira wa zikhadabo.

Penti ameneyo anali wanga. Ndine ndinaigwetsa lenziyo pa sitepe ya khonde titangokwatirana kumene, ndipo poopa kukalipiridwa ndinapakapo kutekisi kuti chitsulo choyeracho chisaoneke. Hudson ataona anaseka mpaka misozi, anati tsopano yakhala ya m'banja, yatemeredwa mphini.

Ndinafunsa ngati lenziyo inalowapo m'madzi. A Usumani anamva ngati ndikunyoza katundu wawo. Anayatsa tochi ya pafoni, kuunika kumbuyo kwake n'kundipatsa kuti ndisuzumire.

"Wallahi, iyi madzi sinawaonepo. Lenzi ikangolawa madzi imachita nkhungu mkati ngati diso la nsomba yogona. Taonani nokha, mbee."

Inalidi mbee.

Ndinafunsa kuti anaigula kwa mnyamata uti wa ku Joni. Anati iyayi, iyi sinachokere ku Joni. Anabwera nayo mwezi wathawu bambo wina wageni ya nsomba, wamtali, wosalankhulalankhula, wa chipsera pachibwano.

Ndinalipira osanenerera, chinthu chomwe sindinachitepo chibadwire.

4

Ndikuuzeni zoona, ngakhale ndi zochititsa manyazi. M'minibasi yochokera ku Balaka, ganizo loyamba silinali la mantha. Linali la chimwemwe. Ali moyo! Ine, mkazi wa mwini, mimba ya mwamuna wina ili m'thupi, mtima wanga unadumphira Hudson ngati sunaikepo maliro. Koma pofika pamlatho wa Liwonde, nditaona madzi a Shire pansipo, ganizo lachiwiri linabwera n'kukhazikika. Hudson wamoyo sakanasiyana ndi lenzi imeneyi, ankaikonda kuposa nsapato zake. Ngati chikwama sichinamire, ndiye kuti wina anachichotsa kumsana kwa mwini wake. Mboni ya imfa ija inali imodzi, ndipo mboniyo ndi imene inatenga mkazi.

Lenziyo ndinaibisa m'dengu la nyemba. Maziko anabwera mawa lake akununkha utsi wa nsomba, atanditengera mlamba wowamba womwe mimba inkaulakalaka. Ine maso anali pa manja ake, manja aakulu ozolowera nkhafi.

Kuyambira pamenepo, chilichonse chomwe ndinkamukondera chinasanduka umboni. Kusalankhula kwake. Kutuluka panja dzina la Hudson likatchulidwa. Kukana kukaona manda ku Nkaya. Maulendo a ku Chiuta ngakhale nthawi yomwe nsomba zasowa, pobwera ali chimanjamanja. Ndinasiya kudya zomwe wabweretsa, n'kumati ndi nseru. Akati agwire mimba kuti amve mwana akusuntha, ndinkadzidzimuka ngati wandikhudza ndi khala la moto.

"Dalesi, ndakulakwira chiyani?" anandifunsa tsiku lina tikusenda chinangwa.

Ndinati palibe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso langa linali limodzi, lalifupi, loti ndikanalifunsa ndisanamalize kusenda chinangwa chimodzi. Koma ndinkati ndikafunsa adziwa kuti ndadziwa, ndiye wotsatira kumira ndine. Iye akachoka ndinkaitulutsa lenziyo, kuimanga, kuika diso. Nthawi zonse ndinkamva ngati wina waima kumbuyo kwanga, pafupi ndi khutu, akundiuza monga ankachitira pondiphunzitsa: kanikiza zigongono m'nthiti, usapume. Ndinkatembenuka, n'kupeza ndi nkhuku zokha pabwalo. Ndinafika pokhulupirira kuti Hudson wachita kundilondolera ku Balaka kuja, kuti watopa kugona pansi pa madzi anthu akulirira nthochi.

5

Mwamuna wanga ndinamulambalala, nkhani ndinakaitula ku Nkaya, kwa alamu anga a Chande, mkulu wake wa Hudson. A Chande ndi mlimi, munthu wabwino, koma mtima wawo uli pafupi. Lenziyo anaizindikira asanaigwire. Apongozi anga, mayi wa Hudson, anaifungatira pachifuwa ngati khanda.

A Chande anamuimbira Maziko kuti abwere akambirane zomanga chiliza pamanda a mnzake. Anabweradi Loweruka masana, ndipo mpaka lero zimandidya ndikakumbuka kuti anabwera atamanga thumba la simenti pa kabaza.

Tinakhala pabwalo, abale ndi anansi atazungulira. Atatha malonje, ndinatulutsa lenziyo m'chitenje n'kuiika pamphasa. Nthawi yomweyo kunadutsa sitima ya malasha, yaitali ija yosatha, ndipo palibe akanamva mnzake. Tinangokhala n'kumayang'anana. Maziko anayang'ana lenzi, anayang'ana ine, kenako anayang'ana apongozi, nkhope yake ikuchita kuoneka kuti ikugwa.

Sitima itatha, a Chande anamufunsa ngati ndi iye anakagulitsa chinthucho ku Balaka. Anavomera. Anamufunsa ngati si iye yemweyo ananena kuti chikwama chinamira. Anavomeranso. Atamufunsa komwe anachitenga, anati zimenezo sanganene pamaso pa amayi, ndi bwino apite pambali amuna okhaokha pamodzi ndi ine.

Pamenepo ndi pomwe ndinaimirira. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo panathamanga kuposa masiku onse.

"Pambali pa chiyani? Munamupha! Munamupha mnzanu kuti mutenge ine, ndipo mwandipatsa mimba ndi manja omwewo!"

Amayi anayamba kulira maliro atsopano. A Chande anamugwetsa pampando ndi chibakera, achinyamata analowererapo, ena akukuwa za apolisi, ena akufuna chingwe. Maziko sanabwezere ngakhale kamodzi. Atamuleka anakhala tsonga, analavula magazi, n'kulankhula osakweza mawu.

"Apolisi adikire. Mawa tiyeni ku Chiuta, ndikakuonetseni pomwe Hudson anasiya chikwama."

Tonse tinamva kuti akukationetsa pomwe anakwirira munthu. Apongozi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yoyera yomwe ankasungira maliro awo omwe. Anaipereka kwa a Chande.

"Mukapeza ngakhale fupa limodzi, mubwere nalo. Ndatopa kulirira nthochi."

6

Tinanyamuka m'mawa anthu atatu. Kuchokera pa Nselema tinakwera njinga zamoto, Maziko atamuika pakati pa woyendetsa ndi a Chande kuti asadumphe. Diso lake limodzi linali litatupa mpaka kutsekeka. Njira yonse sanandiyang'ane.

Kunyanja madzi anali atabwerera kutali, n'kusiya dambo louma long'ambikang'ambika. Utsi wa nsomba unali tolotolo, ndipo kutsogolo kwa timanyumba tingapo kunali mathandala oyanikapo matemba. Ine maso anali pansi, kufunafuna dothi lotumphuka. Maziko anaima pansi pa mgwalangwa, patali ndithu ndi nyumbazo, n'kunena kuti iye sapitirira, nkhope yake mmene ililimu ingaopseze anthu.

"Lenzi ija uli nayo? Loza pa thandala lakumapeto lija."

Kamera inali pakhosi panga. Ndi kugwedezeka kwa njinga kalamba ka mphira kaja kanali katasuntha, ndipo lenziyo inali itatsetsereka yokha mpaka kumapeto. Choncho nditaika diso, sindinaone nyumba, sindinaone thandala. Ndinaona nkhope yokha itadzaza galasi lonse.

Inali nkhope ya Hudson.

Khutu lakumanzere lopindikira kutsogolo lija. Mpata wa pakati pa mano. Kutsinzina diso limodzi poyang'ana kudzuwa, kamwa ili pululu. Anali akuyang'ana kwa ine ndithu. Ndinamva mwana m'mimba akutembenuka. Dzina lake linatuluka lokha pakamwa.

"Bweza pang'ono," anatero Maziko.

Ndinapotokola. Nkhope ija inayamba kuchepa. Panabwera mapewa aang'ono, kenako diresi lachikasu, kenako timiyendo totuwa. Anali kamtsikana ka msinkhu woyamba sukulu, kataima pa beseni lovundikira kuti kafikire thandala, kakutembenuza matemba.

A Chande anandilanda kamera n'kusuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo, nsalu yoyera ija ili m'khwapa, n'kugwira mutu.

7

Mayi wa mwanayo anationa ndipo anabwera yekha. Dzina lake ndi Zainab, mayi wochepa thupi, wofunda mpango kumutu, manja odzaza mamba. Anatipatsa moni m'Chiyao, koma ataona nkhope ya Maziko anagwira pakamwa. Ataona nsalu yoyera anati tisalowe nayo pakhomo pake, sanda yokulungira maliro silowa pamene pali mwana. A Chande anaikoleka pa mgwalangwa, ndipo Maziko anatsala pomwepo.

Ine sanachite kundifunsa dzina. Anati amandidziwa, nkhope yanga inali yodzaza m'kamera muja.

Anatiyalira mphasa n'kufotokoza zonse, mosabisa komanso mosadzitama. Hudson anamudziwa akubwera kudzajambula sadaka m'mudzimo. Ulendo womaliza uja kunalibe ukwati uliwonse. Mwanayu, Laisi, anali atangobadwa kumene, ndipo Hudson ankawoloka kukauza amjomba, amalume ake a Zainab, kutsidya, monga mwa mwambo, kuti abwere kudzatcha dzina. Kamera inalibe ntchito paulendo umenewo, ndiye anaisiya mnyumba mwa Zainab. Mphepo ija inali yoona, bwato linatembenuzikadi, ndipo asodzi a pamenepo ndi amene anamuvuula Maziko m'mabango atamwa madzi, akukuwabe dzina la mnzake.

Zida zija Zainab anazisunga zaka zonsezi m'ndowa ya mpunga yovundikira, chifukwa mwini wake anamuuzapo kuti chinyezi chimaziononga. Ankati adzampatsa Laisi akadzakula. Koma madzi osefukira a dzinja lapitalo anagwetsa khoma la nyumba, ndipo anapempha Maziko kuti akagulitse lenzi yokhayo kutali, komwe sikungafike munthu woidziwa. Maziko yemweyo ndi amene ankabwera ndi ufa ndi sopo nthawi yomwe nsomba zasowa. Maulendo a chimanjamanja aja anali amenewo.

Laisi anabwera kudzagwada kupereka moni. Ndinamugwira dzanja, ndipo anandiyang'ana atatsinzina diso limodzi. Mkwiyo womwe ndinkayembekeza kuti ubwera pa Hudson sunabwere tsiku limenelo. Unabwera pambuyo pake, ndipo ukadalipo. Tsiku limenelo ndinkangofuna kubwerera ku mgwalangwa kuja.

Ndinamupeza Maziko atakhala pansi, akuyang'ana kunyanja. Ndinagwada ndi mimba yangayo. Ndinamufunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. Anati tsiku la maliro anandiona ndikudzigwetsa pa bokosi la nthochi ndikulira kuti Hudson wandisiya wopanda ngakhale mwana womukumbukira, ndipo pakamwa pake panakana. Abale atafunsa za chikwama, anangoti chinamira, kuti pasapezeke wopita kukachitenga. Anati bodzalo linali laling'ono, koma atandikwatira linakula, chifukwa akanaulula ndikanati akuipitsa wakufa kuti iye akome.

Ndinati andikhululukire. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula mwana ali m'mimba.

"Kubisa ndinabisadi, Dalesi, ndipo ndinalakwa," anatero. "Koma ine ndinakubisira mwana wamoyo. Iwe wandisenzetsa mtembo. Takhala nyumba imodzi, mphasa imodzi, ndipo unandiyang'ana n'kuona munthu woti angamize mnzake. Sunandifunse n'komwe."



8

Nsalu yoyera ija a Chande anaibweza ku Nkaya ili yopinda. M'malo mwa fupa anapita ndi chithunzi chomwe ndinajambula tisananyamuke. Ndinamva kuti apongozi atachiona anachipsompsona, kenako anatukwana mwana wawo wakufayo mpaka madzulo. Masiku ano Laisi amapita ku Nkaya pa tchuthi. Chiliza chinamangidwa ndi simenti ya Maziko ija, koma mwini simenti sanapiteko. A Chande anabwera kudzapepesa kwa Maziko atanyamula tambala, iye analandira, anati zinatha.

Kwa ine sananene kuti zinatha. Ankhoswe anakhala pansi kangapo, ndipo iye sanakalipe, sanandinyoze, sanatchule zothetsa banja. Anangonyamula zovala zake n'kukachita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Mwana wathu atabadwa, wamwamuna, anabwera kuchipatala ndi zonse zofunika. Panopa amabwera Loweruka lililonse. Amakhala pakhonde, ine ndimamutulutsira mwana, amamunyamula mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya amadya, koma mnyumba salowa. Amanditcha amake mwana, ndipo amandilemekeza ngati mlendo. Mwanayo akamugwira chala, ndimaona akuyang'ana manja ake omwe, ndipo ndimadziwa mawu amene akukumbuka.

Lenzi ija ndikadali nayo, ndipo kunena zoona sindinasankhe molakwika. Siichoka pa kamera, fumbi linatha, palibenso mkwatibwi wa kadontho pamphumi. Ndinamuuza Zainab kuti Laisi akadzakula ndidzamubwezera. Mawu a kumbuyo kwa khutu aja sanasiye, koma masiku ano sindiwayankha.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, sindikuuzani kuti muzikhulupirira chilichonse chomwe mwamuna wanena. Ine awiri onse anandinamiza, wina pobisa tchimo lake, wina pobisa tchimo la mnzake. Chomwe ndikunena n'chakuti ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka kukasankha chida choonera zakutali, ndinachiyesa, ndinachiunika ndi tochi, ndinafunsa chilema chake ndi komwe chinachokera. Munthu wogona naye mphasa imodzi sindinamufunse ngakhale funso limodzi. Ngati muli ndi funso lomwe likukudyani, kalifunseni lero, kukhitchini, muli awiri. Pabwalo la anthu mawu akatuluka saoleka.

Loweruka lapitali ndinafuna chithunzi cha bambo ndi mwana wake. Ndikayandikira ndi kamera iye amatembenuza nkhope, choncho ndinaima pabalaza, kuseri kwa katani, n'kuloza pakhonde. Ndi pafupi, poti mutha kupatsirana mchere. Koma ndinachita kupotokola lenzi ija mpaka kumapeto kuti ndimuone mwamuna wanga akumwetulira.